Chithatha cha Mayi Sardaran

Inspekitala Tufail Gondal anaika chiphaso chake cha upolisi pawindo la kanyumba ka pachipata. Sajeni wa m'katimo anachikankhira kunja ndi chala chimodzi, osachiyang'ana n'komwe.

"Ichi sichigwira ntchito kuno, bwana. Ndinakuuzani dzana."

"Dzana munati ndibwere ndi kalata ya akuluakulu anga. Nayi."

Sajeniyo anaiwerenga mwachifatse, milomo ikugwedera, mpaka pasidindo ya pansi.

"Kalatayi ndi yabwino. Koma mulibe dzina la wokuitanani. Mlendo aliyense amaitanidwa ndi msilikali wa m'kati, ndipo msilikaliyo amabwera kudzamutenga pano."

"Ndiye ndiitaneni inuyo."

"Ine sindikukudziwani."

"Mwandiona kangati pawindo pano?"

"Kukuonani n'kwina, bwana. Patukani, wamkaka adutse."

Wamkaka anadutsa ndi bulu wake. Buluyo anali ndi kachitsulo ka nambala pakhosi, ndipo analowa m'kambi ya asilikali mosatekeseka, Inspekitala wa polisi ataima panja ndi kalata m'manja. Tufail anapsa mtima mpaka makutu kutentha. Zomwe ankafunazo sizinali zazikulu. Ankangofuna kufunsa asilikali amene anali pachipata tsiku la maliro a Mayi Sardaran ngati anaonako munthu wina, makaniko wa njinga zamoto, dzina lake Qurban.

Pamene kambi inkakula, mpanda wake unameza manda a mudzi wa Dhok Sarang. Kuyambira pamenepo munthu wa m'mudzimo akafuna kukaika maliro, kapena kukaona manda Lachinayi, amasiya chiphaso chake pawindo n'kulandira kachitsulo kolowera. Koma chiphasocho chizikhala chonena kuti kwawo ndi ku Dhok Sarang. Cha Tufail chinkanena za mudzi wina wakutali, ndipo kwa sajeni uja nkhani inathera pomwepo.

Ku polisi, Sughra anali pabenchi pake pa masiku onse, chikhatho chili pamimba. Anali mwana wamkazi wa malemu Mayi Sardaran, ndipo Qurban anali mwamuna wake. Anakwatirana kukhoti azichimwene ake atakana, ndipo kuyambira tsikulo pakhomo pa makolo ake sankapondapo. Mayi ake atamwalira m'mawa, Sughra anatuma mwamuna wake kuti akamupemphere, aone nkhope ya mayi ake asanaikidwe. Qurban anapita dzuwa lili pamutu. Sanabwerenso.

"Alowa, bwana?" anafunsa Sughra, kenako anadzikonza. "Mwalowa?"

"Ayi, chemwali."

"Akuluakulu a m'mudzi agamula. Akuti mkazi wapakati sangakhale yekha m'chipinda cha lendi. Lachisanu akatuluka mumzikiti, achimwene abwera kudzanditenga."

Tufail anawerenga masiku pa zala. Anali atakhalitsa pantchito, ndipo ankadziwa zomwe zimachitikira mkazi wothawa kwawo akabwezedwa m'manja mwa alongo ake. Patapita miyezi yochepa anthu amangomva kuti wafa, akuti chitofu chamuphulikira. Lachisanulo linali mkuja.

* * *

Fazal Dad, mlongo wamkulu wa Sughra, anamulandira Tufail m'sitolo yake ya mbewu ndi feteleza ngati mlendo wa paukwati. Anapukuta mpando ndi nsalu ya paphewa, n'kuitanitsa tiyi wa mkaka.

"Bwana, Mulungu ndi mboni yanga. Anabweradi. Ndinamuuza kuti pakhomo pali maliro, asatiwonjezere chisoni. Anatembenuka n'kumapita. Ndamva kuti anakwera basi ya kumzinda. Amuna oterewa ndi mmene amathera, akatopa naye mkazi."

"Mwamva kwa ndani?"

"Anthu amakamba."

"Anthu ake ati? Ndafunsa makondakitala onse a pasiteji. Palibe anamuona."

"Ndiye kaya anakwera lole. Ine ndinali ndi mtembo wa mayi anga, bwana, sindikanatha kuperekeza makaniko. Funsani mudzi wonse. Kuyambira pamene amayi anasambitsidwa mpaka pamene tinathira dothi lomaliza, ine ndi mng'ono wanga Karam Dad sitinachoke pambali pawo. Kuchokera kumanda tinakhala pamphasa ndi opepesa mpaka tsiku lachitatu. Tikanamubisa kuti munthu, nthawi yanji?"

Apa m'pamene Tufail ankagwira njakata. Nyumba anali ataisecha, chitsime ataunikamo, munda wa tirigu atauyenda ndi agalu. Ndipo mudzi wonse unkavomerezadi kuti anyamata awiriwo sanachoke pamaliro.

Karam Dad anali kuseri akusanja matumba a simenti pangolo. Maso sanadzutse.

"Simentiyo ndi ya chiyani?"

"Mawa ndi Lachinayi," anayankha Fazal Dad m'malo mwa mng'ono wake. "Tikawaka manda a amayi. Nyama zimafukula."

"Mwafulumira. Anthu amadikira kuti dothi likhazikike kaye."

"Anthu ena sakonda amayi awo ngati ife."

* * *

Mayi Hajran, amene amasambitsa maliro a akazi m'mudzimo, anali pabwalo akuumba ndowe za ng'ombe zosonkhera moto n'kumazimata pakhoma. Iye sanamupatse mpando wapolisiyo.

"Iwe mwana wa a Gondal, uzifunsa ndikugwira ntchito. Sardaran ndinamusambitsa ndine, ndani winanso? Anali atatha, mayi uja. Matenda anamudya chaka chonse. Ndinamutembenuza ndi mkono umodzi ngati nkhuku yosololedwa nthenga. Nsanda inatsala yambiri moti ndinachita kuipinda kawiri."

"Qurban munamuona?"

"Ndinamva mawu ake kuchipata cha nyumba pamene ndinkamanga nsanda. Mwaulemu, mwana uja. Kenako Fazal anabwera n'kutitulutsa akazi tonse, akuti akufuna awerengere amayi ake Qur'an payekha. Anatipititsa kunyumba ya oyandikana nawo, wailesi ya mapemphero ataikweza ngati pali ukwati. Fazal kuwerenga Qur'an! Mwana amene shehe anamuthyolera ndodo pamsana osaloweza kalikonse."

"Munabwerera nthawi yanji?"

"Ndili ndi wotchi ine? Tinabwerera atamuika kale pachithatha, atafunditsa nsalu yobiriwira ija. Komanso ndikuuze, chinandinyansa n'chakuti anakatenga chithatha chachikulu cha kumzikiti, cha m'mbali motchinga, chimene timanyamulira amuna onenepa. Kamayi kangati Sardaran kakanakwana pabedi lake lomwe la zingwe. Kudzionetsera basi."

Tufail anafunsa ngati pali anavundukula nsaluyo kuti aone nkhope.

"Ndani? Mwamuna wachilendo avundukule maliro a mkazi? Akazi tinapempha, Fazal anati nthawi yatha, asilikali atseka chipata."

* * *

Tufail anawapeza Madala Allah Ditta kwa ometa, thovu lili m'masaya. Iwowa sankafunika kuwafunsa. Anali ndi dandaulo lawo lomwe anakhala akuliuza aliyense wolowa pakhomopo, ndipo wometayo anali atatopa nalo.

"Lembani zimenezi, bwana, chifukwa ndi mlandu. Chimerere ndevu, palibe maliro a m'mudzi muno amene sindinaikepo phewa langa. Olemera, osauka, ngakhale a adani anga. Munthu umanyamula pang'ono, mnzako n'kulandira, aliyense apeze madalitso ake kwa Mulungu. Ndi mmene tinapezera. Koma tsiku limene lija ndikuti ndilowetse phewa, Fazal akundikankha ndi chigongono. Ine! Amene ndinanyamula bambo ake!"

"Anakankha inu nokha?"

"Aliyense. Ananyamula okha anayi, iye, Karam ndi asuweni awo awiri, kuchokera kunyumba mpaka kumanda. Akuti amayi awo anasiya mawu kuti asanyamulidwe ndi wachilendo. Bodza. Sardaran anali mkazi wa anthu. Thukuta likuchita kuyenderera, miyendo ikunjenjemera, koma osalola munthu kuthandiza."

"Thukuta? Mayi Hajran akuti malemu anali opepuka."

"Ana a masiku ano ndi ofooka, amangodya za m'mapaketi."

"Manda anakumba ndani?"

"Asuweni omwewo. Wokumba manda wathu anabwezedwa pawindo, chiphaso chake chinatha ntchito. Ndipo anakumba ngati akufuna madzi. Potsitsa, mwa mwambo wake wa maliro a mkazi, anatambasula nsalu pamwamba pa dzenje, ife tonse n'kutembenuka, ana ake okha m'kati. Tinaima chofulatira mpaka ine bondo kuyamba kuwawa. Ndinati kodi akumumangira nyumba m'menemo?"

Tufail anasendera pafupi. Anafunsa pang'onopang'ono ngati palibiretu munthu wina aliyense amene anagwirako chithathacho.

Madalawo anaseka mpaka lumo linawacheka pang'ono.

"Mmodzi. Ndipo pamenepo mtima wanga unakhala pansi. Pachipata, msilikali wina wamtali, wachipsera pansidze, anapatsa mnzake mfuti n'kubwera kudzalowetsa phewa. Mwana woleredwa bwino. Fazal anachita kuyera milomo, koma ungamukankhe bwanji msilikali pachipata chake chomwe?"

* * *

Popeza m'kati sankaloledwa, Tufail anakakhala pa kanyumba ka tiyi koyang'anizana ndi chipata, pamene asilikali opuma amabwera kudzaimba foni kwawo. Anamwa tiyi mpaka m'mimba kuyamba kuotcha. Masana akupendeka, munthu wamtali wachipsera pansidze anawoloka msewu atavala zovala wamba. Mwini tiyi ananong'ona kuti dzina lake ndi Mehrban, wa kumapiri.

"Khala apa, Mehrban. Ndine wapolisi."

"Sitiloledwa kulankhula ndi apolisi, bwana."

"Ndikudziwa. Simuloledwa chilichonse inu. Tsiku la maliro a mayi a ku Dhok Sarang unali pachipata."

"Sindikukumbuka."

"Unanyamulako."

"Msilikali sachoka pamalo ake, bwana."

"Unapatsa mnzako mfuti."

Mehrban anayang'ana kuchipata, kenako pansi. 

"Akadziwa zimenezo, ndapita. Kusiya mfuti uli pantchito si nkhani ya masewera. Ndili ndi ana kwathu."

"Nanga unachitiranji?"

Mehrban anazunguza kapu yopanda kanthu.

"Amayi anga anamwalira ndili kumalire. Tchuthi chinabwera ataikidwa kale. Nditamva kuti amene akudutsawo ndi mayi wa munthu, miyendo inangopita yokha."

"Sindikukuimba mlandu. Ndikufuna phewa lako lindiuze zomwe linamva."

"Palibe chomwe linamva."

"Mwana wamkazi wa malemuyo, amene mwamuna wake anasowa, wakhala pabenchi yanga kuyambira tsiku limenelo, Mehrban. Ndi wapakati. Mkuja akumupereka kwa anthu amene ananyamula chithathacho."

Msilikaliyo anapukuta kumaso ndi manja onse awiri.

"Ine ndanyamulapo anzanga ovulala pamachira, bwana. Ndimadziwa kulemera kwa munthu mmodzi. Nditalowetsa phewa ndinatsala pang'ono kugwada. Ndinafunsa wa kutsogolo kwanga kuti kodi amayiwa anali a thupi? Sanandiyankhe. Ndipo nsalu itagwedezeka ndi mphepo cha kumiyendo, ndinaona nsonga ya nsapato."

"Nsapato."

"Maliro saikidwa ndi nsapato. Ndakhala ndikudziuza kuti maso anandinamiza."

"Bwanji simunaseche?"

"Timasecha chilichonse, bwana. Mabotolo a mkaka timavundula ndi ndodo. Koma maliro a mkazi? Mudzi wonse ungatiukire. Lamulo lake ndi loti tiwerenge amoyo, tilandire ziphaso zawo, chithatha chidutse."

Tufail anatsamira khoma. Qurban anali kutsidya kwa msewu, kuseri kwa mpanda, pamalo okhawo m'boma lonse pamene wapolisi sangaponde. Kuti apeze chilolezo cha khoti chofukulira manda a mkazi, komanso m'kati mwa kambi, pakanadutsa mwezi, simenti itauma kalekale ndipo Sughra ali kwa alongo ake. Zinamukwiyitsa kwambiri kuti Fazal Dad, munthu wogulitsa feteleza, anawadziwa malamulo a pachipata kuposa iye.

* * *

M'mawa wa Lachinayi anabwereranso pawindo. Sajeni uja atamuona anapumira m'mwamba.

"Bwana, mwapeza wokuitanani?"

"Sindikufuna kulowa. Ndabwera kudzanena kuti m'kambi mwanu muli munthu amene analowa wopanda chiphaso."

Sajeniyo anaimirira koyamba chimudziwireni.

"Sizingatheke."

"Si wa ku Dhok Sarang, palibe anamuitana, ndipo sanatulukebe. Analowera pawindo lanu lomweli, inu muli pomwepo. Mundiitanira woyang'anira chitetezo, kapena ndikanene kulikulu lanu?"

Kalata ya akuluakulu a polisi inalephera kutulutsa ngakhale kalaliki, koma mawu amenewa anatulutsa Kaputeni Shahzeb akuthamanga, chipewa chili m'manja. Anali mnyamata wosalala, wa kumzinda, wolankhula mofulumira. Anamvetsera ataima mbali ya m'kati mwa chitsulo chotchinga msewu, Tufail ali mbali ya kunja.

"Inspekitala, mukundiuza kuti mtembo ndi mlendo?"

"Ndikukuuzani kuti anthu anayi analowetsa katundu wolemera ngati munthu wamkulu pachipata chanu osasechedwa. Ine ndikuti ndi makaniko wanga. Koma sindinaone. Mwina ndi mabomba. Inu mungagone tulo musanadziwe?"

Kaputeniyo anavala chipewa chake.

"Umboni?"

"Msilikali wanu ananyamulako."

"Ali pantchito? Ndani ameneyo?"

Tufail anazengereza. Mehrban anali pomwepo pambali pa chipata, mfuti pachifuwa, akuyang'ana kutsogolo ngati sakumva. Asanayankhe Tufail, msilikaliyo anaponda pansi mwamphamvu.

"Ndine, bwana."

"Ukudziwa chimene wadzichitira?"

"Ndikudziwa, bwana."

Kaputeniyo anatembenukira kwa Tufail.

"Manda sindingafukule popanda khoti. Koma munthu wozembetsa katundu pachipata changa ndingamusunge mpaka atandiuza kuti anali katundu wanji. Akubwera liti?"

"Tamverani, ngolo yawo ndi imeneyo."

"Chabwino. Inu dikirani panja."

"Mlanduwu ndi wanga, Kaputeni."

"Mulibe chiphaso, Inspekitala."

Choncho Tufail anaonera mlandu wake kudzera m'mipata ya zitsulo, ngati mwana woonera mpira wopanda tikiti. Anaona Fazal Dad akupereka chiphaso pawindo uku akumwetulira, Karam Dad akupereka chake pambuyo pake. Anaona ngolo ya simenti ikulowa, chipata chikutsekedwa kumbuyo kwawo, asilikali akuwalekanitsa. Fazal ankakupiza manja n'kumaloza kumwamba. Asilikali anamuimika Karam pansi pa mtengo, Mehrban ataima patsogolo pake, msilikali wina n'kubwera ndi mafosholo awiri n'kuwaponya pansi. Mawu sankamveka. Tufail ankangoyendayenda m'mbali mwa msewu akutafuna ndudu yosayatsa, mpaka anaona Karam Dad akukhala pansi m'fumbi, manja ali kumutu.

Kaputeniyo anabwera kuchitsulo kuja nkhope itasintha.

"Wamng'onoyo walankhula. Akuti mkulu wake anamenya makaniko wanuyo ndi mpini pabwalo, atatulutsa akazi. Anamugoneka pansi pachithatha, mayi awo pamwamba. Kumanda anachitanso chimodzimodzi." Anakhosomola. "Ndikupatsani onse awiri pompano pachipata, asuweniwo mukawatenge nokha. Zofukulazo bweretsani pepala la khoti, ndidzakuitanani ine mwini."

"Nanga Mehrban?"

"Ameneyo ndi nkhani yathu."

* * *

Sughra anali pabenchi pomwe paja. Ataona alongo ake akutsitsidwa m'galimoto maunyolo ali m'manja, anakoka nsalu yake kumaso mpaka atawalowetsa m'kati. Tufail anavula chipewa n'kukhala kumapeto kwa benchiyo. Panjira yonse anali akukonza mawu, koma atafika anapeza kuti palibe abwino.

"Chemwali, mawa palibe amene akubwera kudzakutengani."

"Mwamupeza."

"Tamupeza."

"Ali kuti?"

Anamuuza zonse, mosabisa, chifukwa akanazimva ndithu kwa akazi a kuchitsime ndipo akanazimva moipa. Sughra sanalire. Ankangoyang'ana khoma, chikhatho chikuyenda pamimba.

"Ndinamutuma ndine," anatero. "Iye anati tidikire mkwiyo uphwe, tidzapite kumanda Lachinayi lina. Ine ndinati ngati umandikonda upita lero."

"Amene anamupha si inu."

"Ali ndi amayi?"

"Manda amodzi."

"Ndiye mapemphero onse aja anthu anapempherera amayi, iye anali pomwepo."

"Anali pomwepo."

Anagwedeza mutu pang'ono, ngati zimenezo zamuthandiza. Kenako anatembenuka n'kumuyang'ana Tufail m'maso, koyamba chiyambire kubwera pa polisipo.

"Bwana, kodi anamusambitsa?"

Tufail anaganiza zonama. Bodzalo linali pamilomo, ndipo palibe akanamudzudzula nalo. Koma mkaziyu anali atanamizidwa kale ndi abale ake onse.

"Ayi, chemwali. Anamuika mmene analili."

Apo m'pamene Sughra anayamba kulira.